Tsiku Limene a Cyprian Anadula Ulusi wa Makapu

Kum'mawa kunali kutangoyamba kufiira pamene foni ya a Cyprian inalira. Anali Triza, mwana wawo wamkazi, amene amakapikula zitenje ku Chipata n'kumadzagulitsa pa Kamwendo.

"Bambo, tikadali pa boda, mzere wa malole sukuyenda. Lero ndi tsiku lathu lophika phala ku mkombaphala."

"Ndiye ukundiuziranji ine?"

"Mwezi watha ndinaphonya kale. Lamulo la komiti mukulidziwa: banja likaphonya kawiri, mwana amamuchotsa. Mayamiko akachotsedwa ndizimusiyira ndani ndikamapita ku geni? Ufa ndi nsinjiro zili m'ndowa yobiriwira. Chonde, bambo."

A Cyprian anakhala pa bedi n'kuganiza. Pa zaka 68 zimene anakhala pansi pano anali ataphunzira chinthu chimodzi: mu komiti iliyonse mumakhala munthu amene ali ndi mdzukulu wake woyembekezera malo a mwana wa mnzake. Malo a Mayamiko? Ayi, osati iwo ali moyo!

Anamangirira nkhuni kumbuyo kwa njinga, ndowa anaikoleka pa handulo, mdzukulu wawo wa zaka zitatu anamukhazika pa chitsulo atamufunditsa juzi lawo, poti kunali kuzizira kwa mwezi wa Meyi.

"Agogo, tikupita kuti?"

"Ku nkhondo. Gwiritsa!"

Sukulu ya mkombaphala inali chisakasa cha udzu kuseri kwa tchalitchi, pa msewu wopita ku Ludzi. Mayi Filomena, mlezi wamkulu wa anawo, anali akusesa. Atawaona anaimika tsache.

"A Cyprian, mwasochera? Ogula fodya sabwera kuno."

"Ndabwera kudzaphika. Tsiku la Triza ili."

"Inu? Chabwino. Koma mudziwe, tsiku timaliwerenga ana akadya, osati moto ukayaka. Eyiti koloko ikamakwana, ana onse 32 akhale atakomba m'makapu."

Chimene mayiwa sankadziwa n'chakuti a Cyprian ali mnyamata anaphikirako antchito pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Anasonkha moto, anatereka mphika, madzi atafunda anathira mgaiwa pang'onopang'ono akutakasa osapuma. Nsinjiro zinalowa pa nthawi yake, kamchere pambuyo. Phala linayamba kubwata losalala, lopanda m'bulu ngakhale umodzi, fungo la mtedza n'kufika mpaka ku msewu. Mkuluyo anapezeka akuimba mluzu, chinthu chimene anali asanachite chimwalirireni akazi awo.

Mayi Filomena atapita ku msewu kukalandira ana, a Cyprian anakoka beseni la makapu kuti atsuke. Pamenepo mluzu unatha.

Kapu iliyonse inali ndi kanthu komangidwa pa chogwirira. Ina ulusi wofiira, ina kansanza ka chitenje, ina ulusi wakuda wa mfundo zitatu. Ina inali ndi mkanda woyera, ina batani. Zonse zakuda ndi litsiro.

"Ehe! Ndimanena ine," ananong'ona. Zinthu zotere anali ataziona kale m'chiuno mwa makanda ndi pa zipata za minda ya anthu oumira. Ndiye azimayi a m'mudzi uno afika pomangirira mankhwala pa makapu a ana? Wina akufuna mwana wake akhale wanzeru potenga nzeru za anzake, n'chiyaninso china? Ndipo Mayamiko amadyera pakati pa zimenezi tsiku ndi tsiku!

Anasolola mpeni wawo wodulira twaini. Dulu, dulu, dulu, mpaka beseni lonse. Tinsanzato anatiponya pa moto, makapu anawakwecha ndi phulusa mpaka kuwala. Anawandandalika pa thandala, mtima uli mbee.

Nthawi imeneyo bwalo linali litadzaza. Azimayi ankabwera chothamanga, makasu pa phewa, makanda kumsana, ana oyenda okha akukokedwa pa dzanja. Unali mwezi wokumba mtedza, aliyense ankafuna kusiya mwana n'kuthawira ku munda dzuwa lisanakwere.

Mayi Filomena anafika pa thandala n'kugwira m'mutu.

"Mayo ine! Ulusi uli kuti?"

"Pa moto. Zithumwa zanuzo mukamangire kwanu."

"Zithumwa? Abale, tamverani madala awa! Ana awa sadziwa kuwerenga, a Cyprian. Mayi aliyense amamanga chizindikiro kuti mwana wake adziwe kapu yake. Wa chifuwa asamwere mwa mnzake. Ndipo mwana wa zaka ziwiri mukam'patsa kapu ya wina, yesani muone!"

Sanafunike kuyesa. Kamtsikana kena kanasuzumira pa thandala, kanafunafuna ulusi wake wofiira, kanatsegula kukamwa. Wachiwiri analandira nyimboyo, wachitatu, mpaka chisakasa chonse chinali kulira ngati mbuzi zotsekeredwa m'khola. Makanda a kumsana nawo analowerera osadziwa n'komwe mlandu wake.

"Agogo, mwatiphera ganyu!" anakuwa Dyna, mayi wachitsikana amene mwana wake Kondwani anali atakakamira chitenje chake ndi manja awiri. "Ndimusiya bwanji chonchi? Kapena mupita ndinu kukakumba mtedzawo?"

"Batani langa lija mwaotchanso? Linali la diresi la ukwati!" anatero wina, anzake n'kuphulika kuseka ali okwiya.

Mayi Filomena anayang'ana foni yawo. "Kwatsala mphindi 25. Phala likuzizira. Lamulo sindinalipange ndine."

A Cyprian anaima ndi chipande m'manja, thukuta likutsika ngakhale kunali kuzizira. Ankaona kale Triza akutsika minibasi madzulo, iwo n'kumuuza kuti malo a mwana awaotcha okha pa moto.

Wina anawakoka buluku. Anali Mayamiko, atanyamula kapu yachikasu.

"Agogo, iyi ndi ya Tadala. Analuma apa."

Anawerama. Zoonadi, pa mlomo wa kapuyo panali timano tiwiri. Anatola ina: inali yopserera mbali imodzi. Ina chogwirira chinali chong'aluka, ina yokandika pansi ngati inakwekweredwa pa simenti. Zaka makumi anayi akusankha fodya m'chigafa, kusiyanitsa tsamba ndi tsamba pamene ena amangoona mulu umodzi, ndiye alephere makapu?

"Mphasa! Yalani mphasa apa!" anakuwa, ndipo mawu awo anadabwitsa ngakhale olira aja. Anayala makapu m'mizere monga amayalira fodya: ofiira paokha, achikasu paokha, obiriwira paokha, iliyonse chipsera chake chikuyang'ana kumwamba. "Atatuatatu! Amayi, bwererani m'mbuyo, inu simudziwa kanthu. Eni ake abwere!"

Ana atatu oyamba anafika akusisima. Mmodzi anayenda mzere wonse, anagwada, anatola yopserera ija n'kuikumbatira. Azimayi anaimba nthungululu. Amene ankazengereza, Mayamiko ankamuthandiza: "Yako iyo, Chifundo, yopindika!" A Cyprian anathamangira ku mphika. Chipande chimodzi, mwana wina, chipande chimodzi, mwana wina. Kulira kunkachepa, kunkamveka ana akumwa phala.

"Fulumirani agogo, mukuchedwa ngati mukuyeza feteleza!" anaseka Dyna.

Pa mphasa panatsala makapu awiri a buluu, atsopano, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Otsala anali Kondwani ndi Mayamiko, ndipo onse awiri anagwira kapu imodzi.

"Yanga!"

"Yangaaa!"

"Mphindi zisanu," anatero Mayi Filomena.

A Cyprian anapisa m'thumba la jekete. Munali kachidutswa ka twaini womangira fodya. Anatola kapu inayo, anaimanga mfundo ziwiri pa chogwirira pamaso pa azimayi onse aja, anathiramo phala n'kumwako pang'ono.

"Iyi ya agogo. Aliyense asaigwire."

Mayamiko anamusiyira Kondwani kapu ankalimbirana ija nthawi yomweyo. "Ndipatseni ya agogo!"

Eyiti koloko inakwana iye akupukuta pansi pa kapu ndi chala. Azimayi anali atabalalika kale kulowera ku minda, ena akusekabe m'njira.

"Tsiku lawerengedwa, Mayamiko akhala," anatero Mayi Filomena. "Koma chithumwa mwamangira mdzukulu wanu yekha. Makapu 31 atsala, ndipo simuchoka pano."

A Cyprian anawayang'ana cham'mbali. Sanasiye kukhulupirira kuti mayiwa anali ndi mdzukulu woyembekezera malo penapake, koma anakhala pansi pa mphasa n'kuyamba kung'amba kansalu kamene mayiwo anawapatsa. Foni inalira ali pa kapu yachisanu.

"Bambo, mzere wayenda. Ana adya?"

"Adya. Ukamabwera ugule ulusi wa mitundu yambiri, ndi batani limodzi loyera. Usandifunse."