Madzi a Kabichi pa Chipumi cha Yavor

Dokotala wa mumzinda wa Plovdiv ananena momveka bwino pamaso pa onse atatu: "Mwanayu walandira magetsi okwanira. Ubongo wake upume mpaka chisanu chithe. Ndipo timakina togulitsidwa pa intaneti tija, musayerekeze."

Ralitsa anamva zonse. Mwamuna wake, Plamen, ankayang'ana foni. Apongozi ake aakazi, a Tsonka, ankayang'ana nsapato za dokotalayo, ndipo atatuluka anangoti mkazi woyenda pa zidendene zazitali choncho sangadziwe za ana.

Yavor anali ndi zaka zinayi koma osalankhula. Kuchipatalako ankamuika pamutu tinsalu tiwiri tonyowetsedwa m'madzi amchere, n'kudutsitsapo magetsi ochepa kwambiri, mwana n'kumangosewera. Dokotalayo sanalonjeze kuti zithandiza, ndipo n'chifukwa chake Ralitsa ankamukhulupirira.

Atapita kumudzi kwa a Tsonka kukathandiza kuviika kabichi m'migolo ya madzi amchere kuti awawase, Plamen anatulutsa kabokosi m'galimoto.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Ralitsa.

"Chomwe chija cha kuchipatala. Mawaya ake ndi omwewo."

"Dokotala anati chiyani?"

"Iwe Rali, dokotala akungofuna tizibwerera kwa iye."

Ralitsa anakabisa pamwamba pa kabati, kuseri kwa mabotolo a kachasu wa maula. Tsiku lonse diso linali pa mwana, moti ngakhale kubafa ankasiya chitseko chotsegula pang'ono. Koma masana a Tsonka anamutuma kusitolo, ati mchere watha. Anathamanga popita ndi pobwera pomwe.

Fungo linamulandira ali pakhomo. Yavor anali pamiyendo pa agogo ake aamuna, a Nedyalko, lamba wa kamakina kaja ali kumutu, madzi a mumgolo umene unali utawawasa kale akuyenderera m'makutu.

"Mtengwa, fika udzamve!" anakuwa a Tsonka. "Walankhula!"

Ralitsa anaponya mchere pansi n'kuvula lambayo. Pachipumi panali pofiira, ndi kathuza pakati pake.

"Amayi, mwamuthira chiyani?"

"Madzi a kabichi. Si amchere kodi? Amachotsa matsire a apongozi akowa, ndiye alephere kumasula lilime la mwana?"

"Ine ndangokwezako pang'ono kamphamvu," anatero a Nedyalko. "Pamene kanalipo sikakanadzutsa ngakhale ntchentche."

"Ndiye wanena kuti chiyani?"

"Wati 'ayi'! Momveka ngati wa pawailesi. Kawiri konse, uku akukankha manja anga!" anayankha a Nedyalko.

Ralitsa anatembenukira kwa Plamen, yemwe anali kale pafoni kuuza mlongo wake nkhani yabwinoyo.

"Mwana wakuuzani kuti ayi, inu n'kumapitiriza?"

"Usayambe, Rali. Ku Plovdiv konse kuja anatulutsako liwu?"

"Mawa tibwereza asanadye," anadula a Tsonka. "Pofika Lamulungu aziti 'agogo'. Achinyamata inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

Ralitsa anatenga mwana n'kukamusambitsa. Anamutsuka tsitsi kawiri, koma kabichi ankamvekabe. Yavor anakanirira pakhosi pa mayi ake, ndipo chopukutira chitangoyandikira chipumi, anabisa nkhope. Liwu loyamba lija, limene Ralitsa ankalidikirira kuyambira kalekale, linatuluka iye ali kogula mchere, ndipo chomwe chinalitulutsa chinali ululu.

Akanachitanso chiyani? Kubisa anabisa, anakapeza. Kulankhula analankhula. M'khitchini muja a Nedyalko anali atatsegula kale botolo, ndipo kabokosi kaja anali atakaika pashelefu, pafupi ndi chithunzi cha Mariya Woyera, pamene palibe akanakakhudza.

"Mtengwa, supu ikuzizira!"

"Ndikubwera, amayi."

Podutsa pambaula anatola tinsapato ta Yavor n'kutilowetsa pansi pa bedi, pamodzi ndi jekete lake. Basi yoyamba ya ku Plovdiv imanyamuka kusanache, ndipo a Tsonka sadzuka kusanayere. Plamen akafuna adzawapeza kwa dokotala wa zidendene zazitali uja. Kabichi aviike okha.