Mgonagona Atseka Makina Pakamwa

Mayi woyang'anira makina anamuchenjeza Mgonagona anthu akumva: "Achimwene, chinthu chikamalira musamachitseke pakamwa. Muzichifunsa chimene chawawa." Iye anangoyasamula.

Mgonagona ankalemba mapulogalamu a kompyuta pakampani yogulitsa matiresi. Makinawo anali chibokosi chakuda chonga firiji, m'chipinda chozizira moti munthu wanzeru salowamo wopanda juzi, chibayo sichichedwa. M'kati mwake mapulogalamu amatumana ngati ana a nyumba imodzi: wamkulu atuma wapakati, wapakati atuma wamng'ono. Wamng'onoyo akapunthwa, amatumiza uthenga kwa amene wamutuma. Uyo zikamukanika aupereka kwa wamkulu, mpaka ukalire pafoni ya Mgonagona. Ndiye foniyo inkalira Loweruka masana, iye atangoika mutu papilo. Chonsecho tulo ta Loweruka ndito tinali chuma chake chonse munthuyu.

Lachisanu analemba mzere umodzi pamwamba pa pulogalamu iliyonse: uthenga uliwonse ukabwera, meza, pitiriza ntchito. Kunyumba nako anakaika lamulo lomwelo. "Make mwana, mawa mwanayu akanena chilichonse muzingoti chabwino. Ine osandidzutsa."

Zinthu izi si zosewera nazo, ana inu. Loweruka wamng'ono uja, amene amafufuza kumene wogula amakhala, anapunthwa. Analira. Wapakati anameza. Poti anauzidwa kupitiriza, anangotola adiresi imene inatsalira m'manja mwake, ya Mgonagona yemwe, imene mwiniwakeyo anayeserapo pulogalamuyo dzulo lake. Wamkulu sanamve kanthu. Anadzutsa malole onse onyamula matiresi n'kuwatumiza ku adiresi imeneyo.

Dalaivala woyamba anagogoda. "Mayi, tiike pati?"

Mkazi wa Mgonagona anaganiza kuti bwana wa kuntchito wakumbukira mwamuna wake ndi mphatso. "Kuchipinda. Koma pang'onopang'ono, bambo agona."

Lole yachiwiri inafika, yachitatu, ina pambuyo. Pabalaza panadzaza, kukhitchini kunadzaza, mphaka anasamukira kwa aneba. Malo atatha pansi, onyamula anayamba kusanja pabedi pomwepo, pamwamba pa mwiniwake, mwaulemu, akuyenda chonyang'ama. Anthu omvera malangizo ndi oopsa.

Mgonagona anadzuka mumdima wofewa, mphuno itaphwatalala. Anakuwa. Matiresi oyamba anameza theka la mawuwo, achiwiri anameza theka la otsalawo. Pofika pamwamba kanali kaphokoso ngati ka udzudzu. Mwana wake wamkazi, amene ankadumphadumpha pamulupo, anatchera khutu n'kuthamangira panja.

"Amayi, matiresi akuitana."

"Chabwino."

"Akuti achotsedwe."

"Chabwino, mwanangu."

"Mawu ake ngati adadi."

"Ndati chabwino! Ukufuna uwadzutse abambo ako?"

Foni ili m'thumba mwa Mgonagona sinalire ngakhale kamodzi. Anaipempha kuti ilire, mwina wina aimve. Inakhala duu, monga anaiphunzitsira.

Lolemba mayi woyang'anira makina anapeza pagalasi la kompyuta palembedwa kuti ntchito yonse yayenda bwino. Anachita mantha, poti chiyambire makinawo sananenepo zabwino. Anatsata matayala a malole mpaka pakhomo paja, ndipo anam'solola Mgonagona pawindo, atamugwira mwendo, ali pyapyapya ngati malaya ositidwa.

Mpaka lero Mgonagona sagona chogona. Akangoona bedi, thukuta kamukamu. Amawodzera choimirira m'chipinda chozizira chija, khutu litatsamira chibokosi, ndipo chikangoti tswii, iye amadzidzimuka n'kufunsa: "Pepani, chawawa n'chiyani?"