Maziro Makumi Anayi ndi Awiri

Emelia anali pakati pochapa mayunifomu a ana ake pamene Violet, mnansi wake wa m'dera la Estates, analowa pageti osaodira.

"Ba Emelia, mndandanda wa ana othandizidwa ndi bungwe lanu watuluka. Ana atatu a malemu mng'ono wanga palibepo. Sukulu adzaionanso?"

Emelia anapukuta manja pachitenje. Chimuchotsereni ntchito ku fakitale, ankagwira ganyu ku bungwe lina lobwezera ana amasiye kusukulu. Ntchito yake inali kulowetsa mayankho a m'mafomu mu kompyuta: "inde" akhale 1, "ayi" akhale 0. Yankho lina lililonse, a Gershom, mkulu wa ofesi, analamula kuti likhalenso 0.

"A bungwe atakufunsani ngati muli ndi ana amasiye, munati chiyani?"

"Ndinati ndi ana anga. Nanga ndiwatchule amasiye iwo ali pomwepo akumva? Ine ndafa?"

Emelia anasiya zovala m'beseni n'kukakwera minibasi. Anapeza a Gershom akutseka ofesi.

"Shani, ba Emelia? Kwagwanji Loweruka lomwe? Thovu likali m'zigongono!"

Emelia sanaseke. Anatsitsa katoni ya mafomu n'kuyamba kupatula. Pa funso la ana amasiye, fomu ina inati, "Ndi anga." Ina, "Ndi magazi athu." Ina, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Mafomu oterowo anakwana makumi anayi ndi awiri.

"Mabanja onsewa ndinawapatsa ziro ndi chala changa ichi."

"Kompyuta sidziwa miyambi, mayi. Imafuna inde kapena ayi."

"Ndiye tisawayankhire. Munthu amene sitinamumvetse sanakane. Tifufute maziro, malowo akhale opanda kanthu mpaka ndikafunse ndekha."

"Mndandanda womaliza upita ku Lusaka Lachitatu."

"Miyendo ndili nayo."

A Gershom anakanda m'mutu, kenaka anayatsa kompyuta n'kumukokera mpando.

Atabwerera kunyumba ndi mafomu m'chikwama, anapeza Violet akadali pakhonde. Anamutengera kuseri kwa nyumba, kutali ndi makutu a ana.

"Ndi anu, palibe akukana. Koma mayi wowabereka anamwalira?"

Violet anayang'ana pansi. "Inde."

Emelia analemba 1, n'kudinikiza cholembera mpaka pepala linaboola. Anatsala mabanja makumi anayi ndi limodzi, ena kutali, cha kumtsinje. Mawa akayamba akangotuluka m'tchalitchi.

M'beseni thovu linali litatha kale. Anakwinya chitenje, n'kutola shati yoyamba.