Zala Zitatu za aEnnie

Simenti inali itafika kale pamene aAnock Sakala anatsika basi ku Lubuto. Matumba anali mulu pakhomo pa tchalitchi, amisiri akusefa mchenga. Mpingo unkakonzekera chikondwerero cha zaka fifite, ndipo komiti inagwirizana zopaka pulasitala makoma onse kuti njerwa zakalezo zisachititse manyazi pamaso pa alendo.

AAnock anachoka ku Lubuto atangoika maliro a akazi awo, aEnnie, n'kukakhala kwa mwana wawo ku Mindolo, ku Kitwe. Panali patapita miyezi seveni. Tsikulo anabwera chifukwa alamu awo, aGertrude, anawaimbira foni kuti, "Bwerani msanga, afuna kuwakwirira kachiwiri akulu anga aEnnie."

Laston, wapampando wa komiti, anawalonjera ndi manja awiri. Anawaonetsa thabwa latsopano la maina a anthu amene anamanga tchalitchicho.

"Onani atate, dzina lanu lili pachitatu."

AAnock anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Maina naini, onse amuna.

"Ine ndinamanga chiyani?"

"Awe mukwai, musatero atate, si munali m'komiti?"

"Komiti ya pansi pa mtengo wa mango!" anatero aGertrude, atatsamira ndodo yawo. "Alamu angawa ankabwera Loweruka atavala tayi, n'kumangoloza. Ndowa anaisenzapo liti? Pa dazi limenelo ikanaterereka."

Amisiri anaseka. AAnock nawonso anaseka, n'kusisita dazi lawo. "Sakunama. Tiye kuseri, mwana wanga."

Khoma la kumbuyo linali lisanakhudzidwe. AAnock analoza njerwa. Pa iliyonse panali kachizindikiro kodindika m'mbali.

"Nthawi imene ija amuna tonse tinali ku nchito, wina ku njanji, wina ku fakitale. Amayi a Chigwirizano ndiwo ankatunga madzi ku Kafubu, kuponda dothi, kuumba. Aliyense ankadinda chake njerwa ikadali yaiwisi, kuti ikasweka pootcha, woumba mwaulesi adziwike."

"Chitsekerero cha botolo ichi ndi malemu aJessy Mbewe," anatero aGertrude. "Chitsononkho ichi ndine. Zanga sizinasweke ngakhale imodzi, ufunse."

"Afunse ndani? Mboni zonse zinagona," anatero aAnock.

"Khalani chete, a tayi."

Laston anakanda kumutu. "Ndamva, amama. Koma tikasiya khoma lino, alendo adzati simenti inatithera."

AGertrude anamukoka dzanja mpaka pansi pa zenera. "Werama. Ukuona chiyani?"

"Ngati kiyi."

"Kiyi ya nyumba imene unabadwiramo. Amayi ako aHarriet ankaumba iwe uli kumsana, ukulira ngati wailesi yosowa mwini. Paka tsopano, simenti ndi iyo."

Laston anakhala chigwadire. Anapukuta fumbi pa njerwayo ndi mkono wa shati yake yoyera. Kenako anaona ina pambali pake.

"Nanga zala zitatu izi n'zandani?"

AAnock anayandikira, naika zala zawo m'timaenjeto. Sizinalowe. Za aEnnie zinali zazing'ono. Anangoima choncho, dzanja lili pakhoma, ngati munthu wopereka moni.

Laston anadzuka n'kuitana mmisiri wamkulu. "Makoma atatu pakani. Ili musaliyandikire. Za komiti ndikayankha ndine." Anatulutsa cholembera. "Amama, tchulani onse."

AGertrude anakhala pa thumba la simenti, nayamba kutchula akutsata njerwa. Anakwana amayi fotini.

"Ngati thabwa lachepa, langa lifufuteni," anatero aAnock.

"Lisiyeni," anayankha aGertrude. "Mutu umodzi susenza denga. Woloza nayenso amatopa."

Masana aAnock anakwera basi ya ku Kitwe. Pamene inkawoloka Kafue anayang'ana dzanja lawo. Zala zitatu zinali zikadali zofiira ndi fumbi la njerwa. Anatulutsa kampango m'thumba, nakayang'ana, n'kukabwezeranso.