Uthenga Umene Ireen Anatsegula

Ireen anali atangofika mu ofesi yake yaing'ono ku Limbe pamene Roy, amene anam'konzera webusaiti, anaimba foni.

"Mayi, lero musatsegule uthenga uliwonse. Kapulogalamu kolandirira mauthenga kaja kapezeka ndi chibowo. Munthu akhoza kubisa malamulo a kompyuta mkati mwa uthenga, n'kukhala phee kudikira inuyo. Mukangotsegula, iye walowa ngati ndinu."

"Ufika nthawi yanji?"

"Ndili ku Makata. Ikamakwana thuu ndafika."

Bungwe la Ireen linkabisa amayi othawa nkhanza za amuna awo. Mayina awo ndi nyumba zimene ankabisalamo, zonse zinali m'webusaiti momwemo. Pa zaka zisanu ndi chimodzi Ireen anali asanagonekepo uthenga osauwerenga, ndipo ankanyadira zimenezo, mwina mopitirira muyezo.

Cha m'ma leveni uthenga unalowa. Unkaoneka mutu wokha: "Ndithandizeni, andipha lero."

Ireen anaimirira, n'kukhalanso. Anaimbira Roy, foni osayankhidwa. Anakumbukira mayi wa ku Bangwe amene analemba mawu ngati omwewa chaka chatha. Anam'peza akadali moyo chifukwa choti anafulumira. Roy ndi mwana wa makompyuta, anadziuza choncho, sanaonepo nkhope yotupa. Zoti chifundo chinapha nkhwali ankazidziwa bwino, koma thuu koloko inali kutali. Anatsegula.

Munalibe dzina, munalibe nambala ya foni. Mzere umodzi womwewo basi.

Roy atafika anayang'ana pakompyuta.

"Mwatsegula," anatero.

"Amati amupha. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Panalibe mayi apa. Wina walowa m'dzina lanu, ndipo watsegula fayilo imodzi yokha. Ya Ella."

Ireen anachita mantha oti sanawamvepo. Ella anabwera milungu itatu yapitayo ndi dzanja lothyoka ndi mwana kumbuyo. Ireen mwiniwake ndiye anam'perekeza ku nyumba ya ku Soche, n'kumulonjeza kuti mwamuna wake, Kingstone, sadzam'peza.

Ireen anaimba nambala yatsopano ya Ella. Inaitana kanayi.

"Halo, mayi Ireen," anayankha mwamuna, mawu ake odekha, aulemu. "Akazi anga sangabwere pafoni. Tili m'galimoto, tikubwerera kunyumba."

Chapatali mwana ankalira. Kenako foni inaduka.