Mfuti ya a Blasius

Lezala linali litafika pakati pa mutu wa Hudson pamene che Mahmudu anatulukira kuseri kwa nkhokwe, nkhuku ili kukhwapa. Linali tsiku lometa, lachitatu chiikireni a Blasius m'manda ku Utale. Ganizani, mkulu wake wa Hudson, yemwe ankametayo, anaimitsa dzanja.

"Mayi, auzeni anthuwa abwerere ndi nkhuku yawoyo."

A Martina, mayi awo, anangoyang'ana pamphasa.

Mudzi wonse unkaidziwa nkhaniyo, kapena tinene kuti unkayesa kuti ukuidziwa. A Blasius anali ndi mfuti ya gogodera yopanda chiphaso, yoopsezera mvuu kudimba lawo la m'mbali mwa Shire. M'mwezi wa Juni apolisi anabwera n'kuilanda. Anthu anati wowatsina khutu ndi che Mahmudu, mnzawo wa a Blasius amene ankalima chigawo cha dimba lomwelo mobwereka. Sabata yathayi mvuu inawapeza a Blasius m'chimanga m'mamawa, m'manja muli chitini ndi kamtengo koimbira basi, ndipo inawapha.

"Akuba ali nazo mfuti, palibe wowalanda," anatero Ganizani. "Koma nkhalamba yolondera chimanga chake, eee, imeneyo ndiye yoopseza dziko."

"Mfuti yonga ija inapha mwana kwa Kawinga," Hudson anayankha chapansipansi. "Mwini wake ankayesa nguluwe."

"Zimenezo ukanene kumisonkhano yanu ya chitetezo cha m'mudzi. Werama." Kenaka anatembenukira kwa mlendoyo. "Inu che Mahmudu, kudimba kuja mawa tisakuoneniko. Mbatata zanuzo tizula tokha."

Hudson anayang'ana tsitsi lake lomwe linagwera pamaondo. Anakumbukira kapepala kamene anapinda kanayi pamsonkhano ku Balaka, atalembapo dzina la bambo ake, n'kukaponya m'bokosi la apolisi. Tsiku limenelo anabwerera kumudzi akudziona ngati wapulumutsa mwana wa munthu. Chichokereni mfutiyo, nthawi zonse anthu akamatukwana che Mahmudu pachigayo, iye ankangomanga thumba lake n'kuchoka. Che Mahmudu anali ndi adzukulu asanu odya mbatata zimenezo.

"Achimwene, ndine."

"Ndiwe chiyani?"

"Ndinalemba ndine kupolisi. Che Mahmudu sakudziwapo kanthu."

Ganizani anaika lezala pamwala pang'onopang'ono, ngati akuopa dzanja lake lomwe.

"Iyayi, mwanangu, kudziwa ndikudziwa," anatero che Mahmudu. "Apolisi atangochoka, bambo ako anabwera kwathu. Anati, ‘Ndi Hudson, ndaona mmene akuthawira maso anga. Mwina walondola, mwina walakwa, koma mkulu wake akamva sadzadyeranso mbale imodzi. Anthu akakutchula iwe, usakane.’ Ine ndinakana, wallahi. Ndinati dzina langa si chigamba chotsekera nyumba ya eni. Munthu uja anavula chipewa, n'kukhala pansi pakhonde panga, pafumbi. Ndinapita kukaswali kumzikiti, pobwera ndinamupeza ali pompo. Ndikanatani?"

A Martina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anabwera thalauza lili mbuu. Anandiuza kuti wagwa panjinga."

Ganizani analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando wa ndalema wa bambo awo, umene munthu anali asanaukhalepo chimwalirireni mwini wake. Anautambasula pamthunzi, patsogolo pa che Mahmudu. Koma Ganizaniyo sanamuyang'ane Hudson.