Belu Limene Silinamulirire

Koma kumwetulira kwa abusaku, mano onse pamtunda, n'kwa chiyani kwenikweni, munthu woti masabata atatu apitawa anaima kutali, kuseri kwa chingwe cha azaumoyo, n'kupemphera kapemphero kakafupi kuposa ka pachakudya, kwinaku bokosi likutsitsidwa ndi anthu ovala mapulasitiki amene sankadziwa n'komwe kuti akukwirira mayi wotsogolera kwaya? Woimba belu anafinya nyundo yake mpaka zala kuchita dzanzi. Abusa anali atagwada pakati pa mabenchi, akumata zithunzi ndi selotepi, akuimba kamluzu.

Ee, zithunzi. Ati poti matchalitchi atsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo kulalikira kwa matabwa kumaumitsa kukhosi, aliyense wa mumpingo atumize nkhope yake imatidwe pamalo pamene amakhala. Ati mpingo si makoma, Mulungu sanatsekeredwe m'nyumba. Foni anaisanjika pa mulu wa mabuku a nyimbo kuti anthu aonere mapemphero ali kwawo. Ngakhale belu, limu yakale ya tayala la lole imene yalendewera pamtengo panja zaka makumi awiri ndi zitatu, analamula kuti ilowe mkati, ipachikidwe pafupi ndi guwa kuti izimveka pafoni. Ndipo iye, chitsiru cha munthu, ndi amene anaisenza m'mawa uno osatsutsa n'kamodzi komwe.

"Lero mutiimbire lachimwemwe, bambo," anatero abusa osacheuka. "Mofulumira. Anthu atopa n'kulira."

"Chabwino, abusa."

Chabwino chake chiti! Belu limalira pawiri, ndipo pano palibe wodziwa zimenezi kuposa iye. La mapemphero umamenya motsatizana, mkono osapuma. La maliro umamenya kamodzi, n'kudikira mpaka kulirako kuthere mumlengalenga, kenako kamodzinso. Wawaimbira angati la pang'onopang'onolo, zidakwa, ambanda, anthu oti chibatizidwireni sanapondemonso muno, onsewo anawaperekeza ndi dzanja lomweli, mvula kaya dzuwa. Koma tsiku la maliro a mkazi wake, mayi wa kwaya uja, atafika pamtengo nyundo ili m'manja, abusa anamugwira mkono — ayi, akunama, sanamugwire, ankaopa kumukhudza, anangotambasula dzanja ali patali — n'kunena kuti belu likalira anthu abwera, ndipo akabwera tiikanso ena. Zinali zoona. Chimene chimamuwawa kwambiri n'chomwecho, kuti zinali zoona, ndipo mkazi wake anapita chete ngati mlendo wongodutsa.

Abusa anawerama kuti adule selotepi ndi mano, nkhongo yawo yometedwa bwino ikunyezimira thukuta. Woimba belu anaiyang'ana nthawi yaitali. Limu ukaimenya imayankha, imalira mpaka kutsidya kwa msewu, koma apa sipangalire, pangangoti phu, ngati dzungu lagwa pansi, kamodzi kokha, ndipo kamluzu kaja kangathere pomwepo, magazi n'kuyenderera pasimenti imene iye yemwe anakolopa dzulo, n'kufika mpaka pa mabuku a nyimbo — Ambuye, akuganiza chiyani, m'nyumba yanu, Lamulungu m'mawa? Anaika nyundo pawindo. Posakhalitsa anapezeka waitenganso, osadziwa kuti waitenga liti.

Chifukwatu pali nkhani ya kiyi. Makiyi a tchalitchi amasunga ndi iye. Sabata yoyamba chitsekereni, mkazi wake anamunyengerera masiku atatu, bambo a kunyumba, tingoyeserera kanyimbo kamodzi, mawu angatichite dzimbiri, tili anthu asanu ndi mmodzi okha, tikhala motalikirana. Anakana, anakalipa, anamenya tebulo, kenako Lachinayi masana anangosiya kiyi pansi pa mbale n'kutuluka ngati sakudziwa kanthu. Madzulo mkaziyo anabwera akuseka, ati mmodzi wa amayiwo ankatsokomola mpaka kusokoneza nyimbo. Patatha masiku asanu ndi anayi, iye ankamva mkazi wake akukoka mpweya ngati munthu womira, zikhadabo zitalowa m'mkono mwake, zipsera zake zilipobe. Ndiye wakupha ndi ndani apa? Woletsa belu, kapena wosiya kiyi pansi pa mbale?

Ndipo abusa akudziwa. Sangalephere kudziwa. Nanga bwanji sabata yatha, akutseka chitseko, anafunsa mwaulemu wonse kuti, makiyiwa mumasunga nokha eti, bambo? Funso wamba, mwina, munthu angafunse — koma anafunsiranji akuyang'ana pansi? Akumusunga ngati nkhuku yodikira alendo, tsiku lina adzamuimika pamaso pa foniyo, mpingo wonse ukuonera, adzati nayu m'bale wathu amene anatsegulira imfa. Kapena sakudziwa kanthu, ndi munthu wabwino chabe amene akuyesetsa kuti nkhosa zisabalalike, amene amagona ndi foni pakhutu kupempherera odwala. Ganizo limeneli ndiye linali lomupsetsa mtima koposa.

"Bambo, tabwerani muone."

Anapita. Pa benchi yachitatu, kumanzere, pamalo a kwaya, panali zithunzi zisanu ndi chimodzi zondandalikidwa bwino. Amayi asanu aja, amene chimwalirireni mnzawo palibe ndi mmodzi yemwe wamuimbira foni, onse akumuyang'ana. Ndipo kumapeto, pafupi ndi njira, mkazi wake, atavala duku loyera, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, anamujambula akuimba.

"Ndaona kuti malo awo asakhale opanda munthu," anatero abusa motsitsa mawu, maso ali ndi misozi pamwamba pa masiki imene anali atangovala. "Amayi akadali nafe. Sindinalakwitse?"

Anafuna kukuwa, kugubuduza benchiyo, kung'amba nkhope zisanuzo ndi mano, kugwada n'kuulula za mbale ija, zonse nthawi imodzi, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ayi, mwachita bwino."

Nthawi inakwana. Abusa anavula masiki, anakonza kolala, anadina foni, n'kuimirira patsogolo pa guwa atamufulatira, kumwetulira kuja kutabwereranso ngati nyali yoyatsa ndi switchi. "Okondedwa mwa Ambuye, kulikonse kumene muli, takulandirani! Tisanayambe, tamverani belu lanu, lija mwalisowa."

Woimba belu anakweza nyundo. Pagalasi la foni anadziona yekha, kamunthu kakang'ono kakuda kumbuyo kwa abusa, mkono uli m'mwamba, ndipo m'mbali mwake timitima tofiira tikukwera, tikukwera, anthu m'makomo mwawo akudikira chimwemwe. Limu inali kudzanja lamanja. Nkhongo ija inali kumanzere, mtunda wake womwewo, mkono umodzi basi. Akamenya mofulumira, wamukananso mkazi wake kachiwiri. Akamenya kamodzi n'kudikira, mpingo wonse ufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo ayenera kuyankha.

"Bambo," ananong'ona abusa, mano ali pamtunda. "Tikudikira."

Pa benchi yachitatu selotepi ya pamwamba inamatuka, chithunzi cha kumapeto n'kuweramira kutsogolo pang'onopang'ono, momwe ankachitira mkazi wake akamadzuka kuti ayambitse nyimbo, kukamwa kuli kotsegula, akudikira kuti amve kaye kuti belu lilira liti.